Netiweki ikauma pa Linux, mlandu ndi wa yani?

Seva ikugwira ntchito bwinobwino, mafayilo akuyenda, kenako zii. Pakapita timasekondi netiweki imabwerera yokha ngati palibe chachitika. Akatswiri oyang'anira makompyuta a Linux okhala ndi kadi ya netiweki ya Intel, makamaka I219 imene imapezeka m'makompyuta ambiri a Dell, HP ndi Lenovo, vutoli akulidziwa. Akalemba lamulo la dmesg amapeza uthenga womwewomwewo wochokera ku e1000e: "Detected Hardware Unit Hang".

Ena akangouona, mlandu watha: Linux njachabechabe, aikemo Windows basi. Limeneli ndi phuma.

e1000e ndi dalaiva, pulogalamu yolumikiza kadi ndi kernel ya Linux. Pansi pa uthengawo pamabwera manambala, awiri mwa iwo TDT ndi TDH. Woyambayo amaonetsa pamene dalaiva yafika pondandalika zofunika kutumizidwa, winayo pamene kadi yafika potumiza. TDH ikaima malo amodzi ntchito ili mbwee, dalaiva imadandaula ndipo kadi imadzutsidwanso. Dalaiva pamenepa ili ngati mlonda amene wakuwa usiku, ndipo anthu akufuna kumanga iyeyo poti ndiye wamveka.

Zoyambitsa zimasiyana. Pa makadi akale a 82573, Intel inavomereza kuti cholakwika chinali njira yosungira magetsi yolembedwa mu EEPROM, memore ya kadiyo, n'kutulutsa kapulogalamu kokonzera. Pa I219 ambiri amachira akazimitsa TSO, njira imene kompyuta imapatsira kadi chimtolo cha deta kuti idule yokha m'timapaketi ta mabayiti pafupifupi 1500. Lamulo lake ndi ethtool -K eno1 tso off gso off, momwe eno1 ndi dzina la kadiyo pa kompyuta. Ntchito yodulayo imabwerera kwa purosesa, netiweki n'kukhazikika.

Nkhani ya 2008 ndiyo yophunzitsa kudekha. Mu Seputembala chaka chimenecho, anthu oyesa kernel 2.6.27 isanatulutsidwe anapeza makadi awo a Intel atafa ndithu, moti ngakhale kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta sikunathandize. Aliyense analoza chala e1000e, ndipo Ubuntu 8.10, yomwe inali ikuyesedwa, inayamba yaitseka. Patapita masabata akatswiri akufufuza, wolakwa anapezeka kutali: ftrace, chida chounikira mmene kernel ikuyendera. Chidacho chinkasunga maadiresi a m'memore ya mapulogalamu amene anachotsedwa kale, ndipo malo omwewo akapatsidwa kwa kadi, chinkalembamo n'kuononga zosungidwa m'kadimo. Mbali imeneyo ya ftrace inatsekedwa mu 2.6.27.1, pomwe Intel inali itaika kale loko kuti memore ya kadi isamalembedwe mwachisawawa. Kafukufuku yenseyo anachitikira poyera, chifukwa aliyense ankatha kuwerenga khodi ya mnzake.

Komatu Intel isapulumukire pamenepa. I219 inatuluka mu 2015, koma ogwiritsa ntchito Proxmox, mtundu wa Linux wa maseva, pa timakompyuta ta NUC akuuzanabe lamulo la ethtool lomwe lija. Choipa china, lamulolo limafufutika kompyuta ikazimitsidwa, choncho munthu ayenera kuliika m'mafayilo oyatsira netiweki. Kampani imene inapanga kadi ndiyonso inalemba dalaiva yake, ndiye palibe wina woti imukankhire ntchito yopeza chimene chimaumitsa kadiyo TSO ikayatsidwa.