Tisagulitsidwe chifukwa cha ulova



Sabata yathayi ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera pa nambala yosadziwika. Akuti ntchito ilipo ku Dubai, tikiti ndi viza zaulere, malipiro ndi madola. Sindinama, ndinauwerenga katatu. Ndili ndi zaka 24, digiri ili phee m'chikwama, nsapato zinatha ndi kusiya makalata m'maofesi a ku City Centre ndi ku Kanengo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale ya bando imavuta. Ndiye munthu akati madola, mtima umagunda ndithu. Ozembetsa anthu akudziwa zimenezi, ndipo akudyerapo pa ulova wathuwu.

Tikumbutsane za ku Oman. Mu Malichi 2024, BBC Africa Eye inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi ma agent, ena kudzera pa Facebook. Ena ankadziwa kuti akupita ku Dubai, koma anakatsikira ku Muscat. Atangofika, mapasipoti analandidwa. Ntchito yam'nyumba kuyambira mbandakucha mpaka pakati pa usiku, popanda tsiku lopuma. Ena anamenyedwa, ena anagwiriridwa, ndipo alipo amene anabwerera kumudzi ali m'bokosi. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira viza ya wantchito kwa bwana wake. Ukathawa, wolakwa amakhala iweyo, ndipo bwana amafuna umubwezere ndalama zimene anapereka kwa agent. Amayi oposa 50 anapulumuka, ndipo chinayambitsa chipulumutso chawo ndi gulu la pa WhatsApp limene anatsegula Mmalawi mnzathu wokhala ku America. Foni yomweyi imene inawakola ndi imenenso inawathandiza kutuluka.

Anyamata, musati izi ndi za atsikana okha. Ku Myanmar ndi ku Cambodia kuli mipanda imene achinyamata ophunzira, ena ochokera kuno ku Africa, amatsekeredwa. Anawalonjeza ntchito ya pa kompyuta, koma akuwakakamiza kubera anthu pa intaneti, ndipo ukalephera kupeza ndalama imene akufuna, chibakera. Amafuna anthu odziwa Chingerezi ndi kompyuta. Amenewo ndi ifeyo, a madigiri.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye musanayankhe kuti "ndili interested", chitani izi.

Funsani dzina la kampani, ofesi yake ndi chiphaso chake, kenako mukafunse nokha ku Unduna wa Zantchito. Agent amene amangopezeka pa Facebook, kapena amene akuti mukumane pa depoti, ameneyo ayi.

Onani viza bwinobwino. Ngati ndi yokacheza pomwe akuti mukagwira ntchito, bodza layambira pomwepo. Kontirakiti muiwerenge muli konkuno, m'chinenero chimene mukumva.

Akakuuzani kuti musauze makolo, kapena kuti ndege ndi mawa, dziwani kuti akuopa kuti wina akutsinani khutu. Siyani kunyumba mafotokope a pasipoti ndi kontirakiti, ndipo lowezani pamtima nambala ya mbale mmodzi. Pasipoti ndi yanu, si ya bwana.

Chibwenzi cha pa intaneti chikayamba kupempha zithunzi zamaliseche, kanani. Ngati munatumiza kale ndipo akukuopsezani kuti azimwaza, musalipire, chifukwa akalandira lero mawa abweranso. Sungani ma screenshot, pitani ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 5600 mwaulere. Ikakhala nkhani ya mwana, imbani 116.

Koma kuchenjera kwathu pakokha sikokwanira. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015. Wozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende zaka 14, wozembetsa mwana mpaka zaka 21. Nanga bwanji zotsatsa zabodzazi zikungoyenda poyera m'magulu athu tsiku ndi tsiku?

Ife tikufuna zitatu. Unduna wa Zantchito uzitulutsa pafupipafupi mndandanda wa ma agent ovomerezeka, pa wailesi ndi pa intaneti, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. Apolisi atsate ma agent abodza mpaka kukhoti, ndipo mtundu uuzidwe mmene milanduyo yathera. Obwerako athandizidwe ndi uphungu ndi poyambira, osati kungowajambula pa bwalo la ndege basi.

Ifenso tisiye kuwaseka obwerakowo. Mlongo wathu amene wabwera chimanjamanja sanapuse, ananamizidwa ali pa njala imene tonsefe tili nayo. Tikamamunyoza amakhala chete, ndipo agent uja amapita kukatenga wina.

Uthenga uja ndinaufufuta, ndipo mpaka lero ndikadali lova. Koma ndili kwathu, pasipoti ili m'manja mwanga, ndipo pakamwa pofunsira ntchito kwa atsogoleri athu ndili napo.

Tumizani uthengawu ku gulu la banja, la kutchalitchi, la kumzikiti ndi la anzanu akusukulu. Mwina wina mwa iwo akulongeza chikwama usiku uno.