Mita yolankhula ndi ofesi

Ambiri mukukumbukira chaka cha 2024, pomwe a ESCOM ankalengeza kuti aliyense wogula mayunitsi alowetse matokeni apadera mu mita yake pasanafike pa 24 Novembala. Nkhaniyi sinali ya Malawi yekha. Mamita olipiriratu m'maiko ambiri amayendera njira ya STS, yomwe inayambira ku South Africa. Tokeni iliyonse ya manambala 20 inkanyamula nthawi yomwe inagulidwa, powerenga mphindi kuchokera pa 1 Januwale 1993, ndipo malo owerengerawo anali oti adzaza pa 24 Novembala 2024. Mita yotereyi siimva za ku ofesi, choncho khomo lililonse linadina lokha manambala. Ku Soweto anthu anafola pamizere italiitali kumaofesi a Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa.

Mpake kuti makampani a magetsi akukopeka ndi smart meter. Iyoyo imalankhula ndi ofesi kudzera pa netiweki: imanena magetsi omwe mwagwiritsa ntchito, imaulula wina akaisokoneza, ndipo mayunitsi amalowa okha. Kwa kampani yomwe ikuluza ndalama chifukwa cha olumikiza magetsi mwachinyengo, ichi ndi chida chabwino, tisakane.

Komabe tiyeni tione zomwe zinachitika ku Britain. Boma kumeneko linkafuna kuti pofika 2020 mamita amenewa akhale atafika m'nyumba zonse, koma chakacho chinadutsa ntchito isanathe. Kumapeto kwa 2023, mamita pafupifupi 4 miliyoni anali chete, osatumiza kanthu. Nanga kwathu kuno, kumene m'midzi ina munthu amakwera pachulu kuti aimbe foni?

Chodetsa nkhawa kwambiri nchakuti amene angathe kukutumizirani mayunitsi ali kutali angathenso kukudulirani ali komweko. Mitengo itakwera mu 2022, makampani ena ku Britain ankasintha mamita a anthu angongole kukhala olipiriratu, osagogoda n'komwe pakhomo. Ndalama zikatha, banja linkakhala mumdima ndi m'chisanu. Mu Febuluwale 2023 nyuzipepala ya The Times inaulula kuti otumidwa ndi British Gas ankalowa m'nyumba za anthu ovutika ndi zikalata za khoti kukaika mamita olipiriratu mokakamiza. Bungwe la Ofgem, loyang'anira makampaniwa, linaimitsa mchitidwewu, kenako linaletsa kuchita zimenezi pakhomo pomwe pali mwana wosakwana zaka 2, kapena okalamba a zaka zoposa 75 opanda owasamalira. Malamulowa anabwera anthu atazunzika kale.

Ife mwayi tili nawo, chifukwa ma smart meter sanafalikire m'makomo mwathu. Bungwe la MERA lilembe malamulo panopa. Linene amene adzalipire mita yatsopanoyo, masiku a chenjezo munthu asanadulidwe, ndi wobweza mayunitsi ngati netiweki yawameza. Linenenso amene adzaloledwe kuona zomwe mitayo ikutumiza, chifukwa wowerenga manambala amenewo amadziwa ola lomwe mumaphika, ndi sabata yomwe nonse mwapita kumudzi n'kusiya nyumba yopanda munthu.