Simoni wa ku Darwendale ndi Mwana Wamwano wa ku Kasukabe

M'makomboni a ku Darwendale, kumadzulo kwa Harare, akuluakulu ena amadandaula kuti zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzalima fodya m'mafamu a azungu zataya mwambo chifukwa cha makatuni a ku Japan amene zimaonera pa foni. Ophunzira ena alilandira dandauloli mosalifufuza. Amati makatuniwa ndi zopusa zokhazokha. Onena zimenezi aiwala zimene makolo awo ankaseka.

Mmodzi mwa makatuniwa ndi Crayon Shin-chan, amene Yoshito Usui anayamba kujambula mu 1990, nafika pa wailesi ya kanema mu 1992. Mwininkhani ndi kamnyamata ka zaka zisanu ka mumzinda wa Kasukabe, kopanda manyazi, kamene kamavula kabudula pagulu ndi kuitana amayi ake ndi dzina lawo. Atate ake, wantchito wa kampani womangika ndi ngongole ya nyumba, amasanduka choseketsa pakhomo pawo pomwe. M'dziko limene wantchito amawerama pamaso pa bwana tsiku lililonse, mwana wamwanoyu amachita poyera zimene wamkulu amangozilakalaka mumtima. Apa ndi pamene pagona kukoma kwake.

Mchewa sayenera kuwoloka nyanja kuti amvetse zimenezi. Pabwalo la gule wamkulu, amene Ashona amautcha zvigure, pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya, amene anabadwa potsanzira zimene amishoni anabwera nazo. Pa famu ya fodya wantchito sakanatha kubweza mawu kwa kapitawo, koma chilombo chikavina mayendedwe a bwana, komboni yonse inkaseka mpaka misozi, ndipo panalibe womuimba mlandu, pakuti wovinayo ndi mzimu. Nyimbo zolaula zimene amayi amayankha pabwalopo n'zoopsa kuposa kabudula wa Shin-chan.

Chiyambire 2005, pamene bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha anthu onse, olemba ambiri amakonda kukamba za mizimu, maliro ndi chinamwali. Sakunama, koma kuseka amakuchitira manyazi, ngati mlendo wabwera pamene pakhomo sanasese. Ajapani sanatero. Masewero awo a Noh, aulemu ndi amizimu, amaseweredwa pamodzi ndi Kyogen, nthabwala zimene wantchito Taro Kaja amapusitsa mbuye wake, ndipo mu 2001 UNESCO inalemekeza zonse ziwiri pansi pa dzina limodzi la Nogaku.

Ngati ng'oma zachepa ku Darwendale, mlandu si wa katuni. Kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunachotsa ntchito anthu ambiri a m'makomboni ndi kuwabalalitsa, ena ku migodi, ena kumatauni, ndipo dambwe silikhala popanda anthu olisunga. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kukhala alendo opanda voti, mpaka malamulo a dziko a mu 2013 anatsegula njira yoti obadwa kwa makolo ochokera m'maiko a SADC azindikiridwe ngati nzika. Pa zaka 12 zimenezo ana anakula akumva dzina lachipongwe lakuti mabhurandaya, ndipo ena anaphunzira kubisa Chichewa chawo pasukulu, mafoni oonerapo makatuni asanafike n'komwe m'manja mwawo.