Mowa Usakhale Mphotho ya Mpira

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo thonje lagulitsidwa, mabwalo a mpira m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi amadzaza anthu. Masewerawa ndi abwino, pakuti amalimbitsa thupi ndi kugwirizanitsa midzi. Chotidandaulitsa n'chakuti wezulo yomaliza ikalira, opambana ndi ogonja omwe amakathera ku kachasu, ndipo okonza mipikisano ena amapereka mowa ngati mphotho. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe.

Mnyamata amene wathamanga mphindi 90 padzuwa la Okutobala amakhala atataya madzi ambiri m'thukuta. Mowa umachititsa impso kutulutsa mkodzo wochuluka, motero thupi louma kale limaumiratu. Chiwindi, chimene chimasunga shuga ndi kumutumiza m'magazi, chimatanganidwa ndi kuchotsa mowawo, ntchito imene chimaigwira pang'onopang'ono. Minofu yotopa imachira munthu akadya bwino ndi kugona mokwanira, koma tulo ta woledzera n'todukizadukiza, ndipo mowa umachedwetsa kumangika kwa minofu. Ngati bondo lavulala, kutupa kumakula chifukwa mowa umakulitsa mitsempha ya magazi.

Palibe mlimi amene amati akamasula ng'ombe pajoko n'kuzimana madzi ndi msipu. Nanga bwanji timalichita nkhanza thupi la wachinyamata? Miyendo imene imathamangitsa mpira ndi yomweyo imene mawa idzatunge madzi kudimba ndi kutsata khasu mvula ikagwa. Wosewera akafooka, munda wa banja lake umafookanso.

M'chaka cha 2012, chimene Chipolopolo inatenga chikho cha Africa ku Libreville, boma linaletsa tujilijili poona mmene tinkawonongera achinyamata. Lamulo linachotsa timapaketi m'magolosale, koma kachasu akadali kutchezedwa kuseri kwa nyumba, ndipo ukali wake palibe amene amauyeza. Mu 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene uli wosavulaza thupi. Mowa uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo umawononga chiwindi ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Chiphunzitso cha mpingo wathu cha kudziletsa chikugwirizana ndi zimenezi.

Tikudziwa kuti ambiri otcheza kachasu ndi amayi ofuna ndalama za sopo ndi mayunifolomu a ana. Sitikuwanyoza. Komatu bwalo la mpira ndi msika wa anthu aludzu ndi anjala: thobwa losasasa, nzimbe, nthochi, mtedza wokazinga ndi zitumbuwa zimatha msanga, ndipo sizisiya mwana wa mnzako atagona m'ngalande.

Tikupempha mafumu, makomiti a masewera ndi amalonda othandiza matimu kuti mphotho ikhale mbuzi, mpira watsopano, majezi kapena thumba la mbewu. Pambali pa bwalo pakhale ndowa ya madzi oyera, ndipo timu ikapambana, aiphikire nsima ya nyemba.