Danieli Akanakhala ku Zomba Akanadya Chisoso

Ikafika sabata ya zaumoyo, tonse timathamangira ku Danieli 1, kumene anyamata anayi anakana chakudya cha mfumu ya Babulo n'kudya zomera masiku 10. Koma tikatuluka m'tchalitchi, "zomera" zathu zimakhala soya pisi wa m'paketi.

Aisrayeli ankadalira mkate wa tirigu kapena barele, mafuta a azitona ndi mphodza, ija Esau anasinthanitsa ndi ukulu wake. Nyama inali ya apo ndi apo. Masamba ena ankachita kukathyola kutchire, ndipo pamenepo pankafunika diso lozolowera. Pa 2 Mafumu 4, m'nthawi ya njala ku Giligala, munthu wina anapita kuthengo kukafuna ndiwo n'kubwera ndi zipatso zimene sankazidziwa. Mphika wonse sunadyeke mpaka Elisa atathiramo ufa.

Ambirife tafanana naye munthu ameneyu. Mumsika wa Zomba amayi amayala bonongwe, luni, chisoso ndi denje, ife n'kumangodutsa, kuopa kuoneka akumudzi. Masitiroberi a kuphiri timawadziwa tili patali, koma tiikeni m'dimba la m'mbali mwa Likangala, sitingasiyanitse luni ndi udzu. Agogo athu saphonya, koma ndani akuwafunsa?

Ine ndikuti kukhitchini ya koleji aziphika ndiwo zimenezi kawiri pa sabata, zotendera bwino, osangoti kabichi. Ndipo ife ophunzira zauphunzitsi tizitengera ana kudimba la sukulu, azithyola okha n'kumatchula mayina ake, mfutso aziphunziranso kuyanika.