ZA NYUMBA ZATHU: Nyumba imayamba kudwala kuphazi

Mvula itangokata ndinapita ku Mkoba, mumzinda wa Gweru, kukaona mlamu wanga amene anali atangolowa m'nyumba yake yatsopano. Ukaiona uli pamsewu nyumbayo ndi yosiririka: malata onyezimira, mawindo akuluakulu, penti wowala. Koma nditalowa m'kati ndinalandiridwa ndi fungo la chinyontho. Penti anali atasupuka kuchokera pansi kulekeza m'mawondo, ndipo matumba awiri a chimanga amene anali pakona anali atachita nguwi.

"Alamu, mmisiri uja anandibera simenti," anadandaula motero.

Ndinatuluka ndi kuizungulira nyumbayo. Pansi pa m'nyumba panali pongolingana ndi bwalo la panja, kotero kuti madzi a mvula sanafunike kukwera pena paliponse kuti alowe.

"Alamu, simenti alibe mlandu," ndinawayankha. "Nyumba yanuyi ilibe phazi."

Kodi phazi la nyumba n'chiyani?

Amisiri amalitchula kuti plinth, liwu lochokera ku Chigiriki limene poyamba linkatanthauza njerwa. Ili ndi gawo la khoma limene limayambira pamene maziko atulukira kunja kwa nthaka ndi kulekeza pamene pali pansi pa m'nyumba, pomwe timaponda. Maziko saoneka chifukwa ali m'nthaka, koma phazi limaoneka, ndipo ndilo limanyamula nyumba kuichotsa m'matope.

Liwuli limanenanso tsinde limene amaikapo chipilala kapena chiboliboli. Amene anaonapo chiboliboli cha Joshua Nkomo, chimene chinatsegulidwa mu 2013 pakati pa mzinda wa Bulawayo, akudziwa kuti chinaimikidwa pa tsinde lalitali kuti aliyense achione ali patali. Chomwechonso kachisi wa Parthenon ku Athens, amene anamangidwa zaka zoposa 2,400 zapitazo, anakhazikidwa pa nsanja ya masitepe atatu. Motero kuyambira kale phazi lakhala ndi ntchito ziwiri: kuteteza chomangidwacho ndi kuchipatsa ulemu.

Koma tisaganize kuti nzeruyi inabwera ndi sitima za pamadzi. Ku Khami, pafupi ndi Bulawayo, kumene kunali likulu la mafumu a Torwa kuyambira m'zaka za m'ma 1400, nyumba za dothi zinkamangidwa pamwamba pa nsanja zotchingidwa ndi miyala yosanja mwaluso. Mabwinja a Danangombe, pakati pa Gweru ndi Bulawayo, akuonetsa mamangidwe omwewo. Nanga kumudzi kwathu ku Malawi? Khonde limene amayi amazira chaka ndi chaka kuzungulira nyumba si lokhalapo pokha posenda nandolo. Ilo limatchinga tsinde la khoma kuti madzi otsika padenga asalidye. Nkhokwe nayonso sitiikhazika pansi. Timaikweza pa miyala kapena pa mafoloko, poopa chinyontho ndi chiswe. Ngati chimanga timachikweza, bwanji ana athu tiziwagoneka m'chithaphwi?

Chifukwa chiyani nzeruyi yatitayika?

Ambiri a ife olankhula Chichewa kuno ku Midlands ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ya Shurugwi, Zvishavane, Kwekwe ndi Mvuma. Makolo athuwo ankakhala m'nyumba za pakomponi zomangidwa ndi kampani, choncho ana awo anakula osaonapo nyumba ikukumbidwa maziko. Pamene fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff inasiya ntchito mu 2008, nawonso mgodi wa Shabanie ku Zvishavane n'kufooka, mabanja ambiri anayamba kudzifunira okha pokhala. Munthu akapeza puloti amathamangira kufolera kuti athane ndi lendi, ndipo posunga ndalama amayamba ndi kudula mizere ya njerwa imene akuganiza kuti ilibe ntchito.

Tsoka lake n'lakuti mzinda wa Gweru uli pamalo athyathyathya, ndipo mapuloti ena atsopano ali m'madambo, m'dothi lakuda la makande limene limafufuma likamwa madzi ndi kung'aluka likauma. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mungathe kugula malo mwezi wa Ogasiti pali gwa, koma Januwale akafika madzi adzabwera kudzafuna njira yawo yakale.

Ntchito za phazi

Yoyamba ndi kuletsa madzi oyenda pabwalo kulowa m'nyumba. Yachiwiri ndi kulimbana ndi chinyontho. Njerwa imayamwa madzi monga momwe chingwe cha nyali chimayamwira parafini, ndipo madziwo angathe kukwera m'khoma kufika pafupifupi mita imodzi. Akamauma amasiya mchere woyera umene umasupula penti ndi kufumbutsa pulasitala. M'chipinda chotere zovala zimachita nguwi, mbewu zosungidwa zimaola, ndipo ana ndi anthu odwala mphumu savutika pang'ono. Yachitatu ndi kuulula chiswe: phazi likakhala poyera, njira za dothi zimene chiswe chimamanga pokwera zimaoneka msanga, mwini nyumba n'kuziphwasula zisanafike ku mitengo ya denga. Yachinayi ndi kumanga pamodzi tsinde la makoma onse kuti kulemera kwa nyumba kutsikire pa maziko mofanana.

Kamangidwe kake

Musanakumbe, funsani anthu amene akhalitsa pamalopo kuti madzi amalekeza pati mvula ikachuluka. Yang'ananinso zizindikiro za matope pa makoma ndi pa mitengo ya pafupi. Pamalo ouma bwino, phazi lisachepere masentimita 15 kuchokera panthaka, imene ili mizere iwiri ya njerwa. Amenewa ndi malire otsikitsitsa. Masentimita 30 mpaka 45 ndiwo amapatsa mtendere wa mumtima. Pamalo osefukira madzi, pitirirani pamene madzi anafikapo kale. Ku Bangladesh, pulojekiti ya Chars Livelihoods Programme, imene inagwira ntchito kuyambira 2004 mpaka 2016 pakati pa anthu okhala pa zilumba za mchenga mumtsinje wa Jamuna, inkakweza malo a banja lililonse ndi masentimita 60 pamwamba pa msinkhu wa madzi osefukira amene anthu ankakumbukira. Pamalo okwezedwawo pankakhala nyumba, khola ndi kadimba ka ndiwo zamasamba.

Phazi limangidwe ndi miyala, njerwa zootcha bwino kapena mabuloko a simenti. Ngakhale amene akumanga makoma ndi zidina ayesetse kuti gawo lokhali likhale la miyala kapena njerwa zootcha, zomangidwa ndi simenti. M'kati mwake chotsani dothi lakuda, udzu ndi mizu, kenaka thirani gelevulo kapena zibenthu za njerwa pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, mukuwaza madzi ndi kutsendera. Dothi longokhuthulidwa osatsendera limadzatitimira, simenti ya pansi n'kusweka.

Pamwamba pa phazi, khoma lisanapitirire, yalani pulasitiki yochindikala imene amisiri amaitchula kuti DPC. Iyi ndiyo imadula njira ya chinyontho. Ikhale yopanda zibowo, ndipo polumikiza ipitirirane. Mukatero musadzaunjikenso dothi kapena kulima maluwa motsamira khoma mpaka kukwirira mzere wa pulasitikiwo, chifukwa mukatero mwamangira madzi mlatho. Kunja, zungulizani nyumba ndi kakhonde kotsetserekera kubwalo. Amene akumanga m'tauni aonetsetse kuti woyendera nyumba wa ku khonsolo waona maziko asanakwiriridwe.

Kumbukiraninso agogo ndi anzathu oyenda pa njinga za olumala. Nyumba yokwera imafuna masitepe otakasuka, kapena njira yotsetsereka imene pa masentimita 10 alionse okwera ikhale yotalika masentimita 120.

Kwa alangizi ndi alimi

Nzeru yomweyi igwire ntchito pa chimbudzi, pa chitsime, pa khola la nkhuku ndi pa chipinda chosungira mbewu. Pakamwa pa chitsime pakakhala pokwera ndi potchingidwa, madzi a uve oyenda pabwalo salowamo. Chimbudzi chokwezedwa sichidzaza ndi madzi a mvula ndi kusefukira kumene ana amasewera. Matumba a chimanga akhale pa thandala, osakhudza pansi kapena khoma. Mphepo za mkuntho za Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 zinatikumbutsa kuti mvula ya masiku ano siyenda ndi mwambo. Zoona, phazi silingaimitse phiri likamagumuka, koma nyumba zambiri za dothi zimagwa chifukwa chakuti tsinde la khoma lakhala m'madzi masiku angapo mpaka kufewa.

Mlamu wanga uja tsopano wakumba ngalande kuzungulira nyumba ndipo wamanga kakhoma pakhomo kuti madzi asalowe. Zathandizako, koma chinyontho cha m'khoma sichinathe, ndipo ndalama zimene waononga zikadakwanira mizere inayi ya njerwa imene anaikana pachiyambi. Penti, matailosi ndi siling'i zingathe kudikira zokolola za chaka chamawa. Phazi lokha ndilo silidikira, pakuti denga likakwera simungathenso kuinyamula nyumba kuti muliikemo.