Opareshoni ya mafupa: amayi akadali ochepa

Mu March 2025, bungwe lolembetsa madokotala ku Britain la General Medical Council lidalengeza kuti, koyamba m'mbiri ya dzikolo, madokotala aakazi achuluka kuposa aamuna. Koma kusinthaku sikunafike m'chipinda chochitira opareshoni ya mafupa. Kumeneko, mwa akatswiri 100 alionse, amayi safika 10. Ku America chiwerengero cha 2021 chidaonetsa amayi pafupifupi 6 pa 100, ndipo panalibe nthambi ina ya udokotala yokhala ndi amayi ochepa chotere. Anthu akuda nawo ndi pafupifupi 2 okha pa 100.

Chifukwa chomwe chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti ntchitoyi imalira mphamvu, poti muli kukhoma ndi hamala, kucheka ndi kuboola fupa. Mfundoyi njofooka. Masiku ano macheka ndi zoboolera zimayendera batire kapena mpweya, ndipo kubwezera fupa m'malo mwake kumadalira luso koposa minofu. Komanso Ruth Jackson adavomerezedwa kukhala katswiri wa mafupa ku America mu 1937, zipangizo zikadali zachikale.

Zopinga zenizeni zili kwina. Maphunziro a ukatswiri amatenga zaka zambiri, ndipo amagwera pamsinkhu womwe ambiri amayamba banja. Mayi woyembekezera amaima maola ambiri pafupi ndi makina a X-ray, omwe pa opareshoni ya mafupa sasowa. Chovala cha mtovu chodzitetezera ku cheza cha makinawa chidasokedwa poyeza thupi la mwamuna, kotero chimasiya mpata m'khwapa, mbali ya bere n'kukhala pamtetete. Kafukufuku wa ku America adapeza kuti khansa ya m'mawere njochuluka pakati pa madokotala aakazi a mafupa poyerekeza ndi amayi ena. Chovala chokwana bwino si chinthu chodula kuchipatala chomwe chimagula makina a mamiliyoni, chidangosowa wochiganizira.

Vuto loposa ndi khalidwe la ogwira nawo ntchito. Kafukufuku yemwe adatuluka mu British Journal of Surgery mu 2023 adaonetsa kuti amayi 63 mwa 100 ochita maopareshoni osiyanasiyana omwe adayankha mafunso adachitidwapo chipongwe chokhudza kugonana ndi anzawo apantchito m'zaka zisanu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu adagwiridwapo thupi mosayenera. Ambiri sadandaula, chifukwa wolakwayo nthawi zambiri ndi yemwe amasayina mapepala oti wophunzira apite patsogolo. Mayi yemwe waona izi sangalimbikitse mng'ono wake kutsata mapazi ake.

N'zoona kuti mipando ikuluikulu yayamba kusintha. Malemu Clare Marx, katswiri wa mafupa, adakhala mayi woyamba kutsogolera Royal College of Surgeons of England mu 2014, ndipo Kristy Weber adatsogolera bungwe la akatswiri a mafupa ku America mu 2019. Komabe mayi mmodzi pampando sasintha ndandanda ya ntchito ya usiku kapena njira yoperekera madandaulo. Chooneka cha nzeru ndi chomwe bungwe la Perry Initiative lakhala likuchita ku America kuyambira 2009: kuitana atsikana a sekondale, kuwapatsa zoboolera ndi mafupa opanga, kuti aone okha kuti manja awo akhoza.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi kulemera kwake. Akatswiri a mafupa ndi owerengeka, moti othyoka pangozi zapamsewu ndi zakabaza ambiri amathandizidwa ndi maclinical officer, omwe adayamba kuphunzitsidwa za mafupa mu 1985. Dziko lopereweredwa chotere silingamasankhe ophunzira kuchokera ku theka la anthu ake. Bungwe la Women in Surgery Africa, lomwe limalumikiza amayi ochita maopareshoni ndi ophunzira achitsikana, lidakhazikitsidwira ku Blantyre mu 2015, ndipo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chidatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023. Malo ophunzirira tsopano alipo. Chofunika kuchiyang'anitsitsa m'zaka zikubwerazi n'chakuti mwa olembedwa kumeneko amayi ndi angati, ndipo omaliza maphunziro ndi angati.